Nkhuni za Pamaliro a Nasibeko

Zaka zimene ndikufuna kukuuzanizi ndi zija zoyambirira za m'ma 2000, njala yaikulu ija itangotisiya, ena mwa inu mukadali kumsana kwa amayi anu ndipo ena musanabadwe n'komwe. Ikani makasu pansi, mwabzala zokwanira, ndipo sunthirani kuno kumthunzi, pakuti mtsikana uyu wandifunsa poyera zimene anzake amangonong'onezana ndikamadutsa. Akuti n'chifukwa chiyani munthu wamkulu ngati ine ndimamanga tinsanza pamitengo ya pano pakasupe, ndiponso n'chifukwa chiyani nyumba yanga ya njerwa ija ili chiimire yopanda denga, mwini wake n'kumagona m'kanyumba ka zidina kuseri. Mafunso ndi awiri koma yankho ndi limodzi, ndipo yankholo ndi mkazi wanga, malemu Nasibeko.

Ine ndi Nasibeko tidachokera ku Ntcheu tili ndi kamwana kamodzi, Tereza, ine nditapeza ntchito ya ukalaliki m'sitolo ina ku Old Town. Chinsapo amene mukumuonayu, wa nyumba zogundana msana ndi msana, nthawi imeneyo adali minda ya chimanga ndi timidzi tapatalipatali, ndipo pano tikukhalapa padali dambo la bango lotalika kuposa munthu. Pakati pa dambolo padali mtengo waukulu wa katope, woti anthu awiri sakadaukumbatira, ndipo pansi pa mizu yake pankatumphuka madzi ozizira, oyera mpaka kuona timiyala ta pansi. Madziwo sankaphwa ngakhale mu Okutobala. Ankatsika ndi kamtsinje aka mpaka kukalowa mumtsinje wa Lilongwe, womwe uja umene anthu a m'tauni amamwa ukadutsa m'mipope, kotero kuti bwana wotsegula mpopi m'nyumba yake yamagetsi ankamwako pang'ono za pansi pa katope wathu, iye osadziwa.

Malipiro a ukalaliki adandichepera, ndipo anzanga atayamba kukamba za ku Joni mtima udanyamuka. Ndidauza Nasibeko kuti ndikakhala zaka ziwiri zokha, ndipeze za malata ndi njerwa, ndidzamumangire nyumba yooneka. Ana anga, zaka ziwirizo zidasanduka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo ndidaponda kuno kawiri kokha. Munthu wotere kwathu amamutcha mtchona. Sukulu ndidapita ndithu mpaka ku sekondale, kulemba ndinkadziwa bwino, koma makalata sindinkalemba, chifukwa kalata imafuna kuti unene tsiku lobwera. Chimene ndinkachita n'kugula chitenje chokongola chaka ndi chaka, n'kupatsira oyendetsa magalimoto akuluakulu obwera kuno, ndipo mumtima ndinkati ndakwaniritsa udindo.

Nditabwerera kodzakhaliratu, tsitsi litayamba imvi, ndidasochera m'dera langa lomwe. Dambo lidali litasanduka maenje a oumba njerwa, mauvuni akufuka utsi uku ndi uku, ndipo mitengo yonse ya m'mbali mwa kamtsinje idali itathera m'mauvunimo. Kumunsi anyamata ankakumba mchenga mpaka kugumula magombe, ena adalima madimba kufika m'madzi mwenimweni, ndipo majumbo ndi zinyalala zidali mbwee. Malo amodzi okha ndiwo adatsala obiriwira ngati kachilumba, ndiwo ano. Katope wamkulu uja adali chiimire, ndipo momuzungulira mudali mitengo ina yaing'ono, akatope, mikuyu ndi mwimbi, ina yofika kale padenga la nyumba. Kasupe ankatumphukabe. Koma chimene chidandiimitsa pamalo amodzi n'chakuti mtengo uliwonse udali ndi kansalu komangidwa pathunthu, ndipo nditayandikira ndidazizindikira nsaluzo. Zidali zitenje zanga za ku Joni, zong'ambidwa timizeretimizere.

Ndidapsa mtima, sindikubisirani. Nditafika kunyumba ndidamufunsa ngati ankadziwa thukuta limene ndidakhetsa kuti ndigule nsalu zimenezo. Iye ankapeta mpunga pakhonde, ndipo sadasiye kupeta. Adangoti, “Bambo a Tereza, inu munkatumiza nsalu, ine ndinkadikira munthu. Thupi ndili nalo limodzi, ndikadavala zingati? Ndidaona kuti ndiveke amene ankakhala nane.” Nkhaniyo sitidaikambenso.

Pang'onopang'ono ndidamva mmene zidayendera. Oumba njerwa atayamba kuyandikira kasupe, Nasibeko adayamba kutola nthanga za katope wamkulu uja n'kumazifesa m'mapepala a shuga odzaza dothi kuseri kwa nyumba, ndipo zikamera ankakaziwokera pano yekhayekha. Pofuna kudziwa mitengo yake adayamba kuimanga tinsalu, koma anthu ataona tinsaluto adayamba kunena kuti mayi wa ku Ntcheu uja watchera mankhwala, wodula mtengo wake adzatupa manja. Nasibeko adali wa mvano kutchalitchi, za mankhwala sankazidziwa n'komwe, koma mphekeserayo sadaitsutse. Wina akamufunsa ankangoti, “Kaduleni muone,” n'kupitiriza ulendo wake.

Pamene ine ndinkabwera adali asalinso yekha. Padali amayi khumi ndi mmodzi ogwira naye ntchitoyi popanda malipiro, ndipo womutsatira adali Naphiri, mayi wogulitsa mandasi, wa pakamwa posapsa, amene sankaopa munthu. Padalinso mlangizi wa zankhalango, mayi Makwinja, mtsikana wophunzira wa kummwera, amene ankabwera pa njinga yamoto Lachinayi lililonse atavala majombo aakulu kuposa miyendo yake. Iyeyu ndiye adawaphunzitsa kupima mapazi kuchokera m'madzi kuti adziwe malo osayenera kulimidwa, kubzala udzu wa vetiva m'mizere kuti ugwire dothi, ndiponso kusabzala bulugama pafupi ndi kasupe chifukwa amamwa madzi ngati ng'ombe. Nthawi zina ankabwera ndi anzake oona za madzi, amene ankatunga m'timabotolo kukapima, ndipo pobwerako ankauza amayiwo kuti madzi a pano ndi abwino kuposa a kwina kulikonse m'mbali mwa kamtsinjeka. Koma nkhani ya tinsalu mayi Makwinja sankaikonda. Ankawauza kuti mantha sakhalitsa, ndi bwino anthu adziwe chifukwa chenicheni chosungira mitengo, ndipo Naphiri ankamuyankha kuti aphunzitse yekha oumba njerwawo, akamaliza adzapeze mitengo ili m'uvuni.

Nanga ine ndinkatani? Ndinkawaseka, ana anga. Ndinkati ntchito yopanda malipiro ndi ya anthu osowa chochita, ndipo Naphiri akadzera pakhomo ndi ndowa pamutu ankandikuwira kuti, “Mwadzuka bwanji a ku Joni? Kodi kumeneko madzi amachokera m'sitolo?” Ine maganizo anga onse adali panyumba imene ndidalonjeza. Ndidagula njerwa, ndipo sindidafunse kuti zidaotchedwa ndi mitengo ya kuti. Makoma adakwera mpaka kumapeto, ndidagula malata, ndidagulanso matabwa a paini a denga, owuma bwino, n'kuwaunjika pakhonde nditawafunditsa lona. Ndinkaganiza kuti tsiku limene adzalowe m'nyumbamo zaka zonse zija zidzafafanizika. Kangapo konse Nasibeko adandipempha kuti ndipite naye pakasupe ndikamuthandize kuthirira mbande, mwendo ukumuvuta, koma ine ndinkati amisiri akundidikira. Tsiku lina adaima pakhomo la nyumba yatsopanoyo, adayang'ana makoma, n'kunena mofatsa kuti ndi yokongola ndithu, koma iye akadakonda ndikadamunyamulirako ndowa imodzi.

Adayamba kudwala mvula yoyamba itagwa. Miyendo idatupa, mpweya unkamuthera, ndipo tidapita naye kuchipatala ku Likuni kumene adamusamalira mmene akadathera. Masana ena ndili pambali pa bedi lake ndidayamba kumuuza kuti amisiri akhoma denga mvula ikangodukiza, koma iye adandigwira dzanja n'kunena kuti za denga ndisiye, koma katope wamkulu uja ndizikamuona, chifukwa kasupe yense ali m'mizu yake, ndipo mbewu zonse zimachokera kwa iye. Ndidavomera monga mmene munthu amavomerera wodwala, kuti mtima wake ukhale pansi. Patangopita masiku anayi adatisiya, mu Januwale, mvula ili pakati.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa maliro a masiku ano mumangoimba lamya, nkhuni n'kubwera pa galimoto, ena mpaka kulemba ophika. Nthawi imeneyo sizidali choncho. Thupi lidagona pakhomo podikira lole yopita nalo ku Ntcheu, ndipo anthu adabwera ochuluka kuposa mmene ndinkaganizira, a kutchalitchi, a kumsika, amayi onse otunga pakasupe, ena ochokera ku Biwi ndi ku Kawale amene adamudziwa pa ntchito ya mitengoyi. Onsewo ankayenera kudya ndi kuotha, chifukwa mvula idali isanakate masiku atatu. A njinga amene ankabweretsa nkhuni kuchokera ku Dzalanyama sadaoneke, njira itaterera, ndipo pofika mmawa wa tsiku lachiwiri nkhuni zonse za anansi zidali zitatha, miphika ya nyemba ili pamafuwa ozima.

Pamaliro, monga mwa mwambo wathu, namfedwa salamula kanthu. Amakhala pamphasa, mutu pansi, kulandira opepesa, ndipo zonse zimayendetsedwa ndi eni mbumba pamodzi ndi adzukulu, anthu aja ogwira ntchito za pamaliro. Mwini mbumba adali mlongo wake wa Nasibeko, alamu anga a Lufeyo, amene adafika kuchokera ku Ntcheu dzulo lake. Sadali munthu woipa, koma ine ndi iwo tinkangopatsana moni wa pakamwa, chifukwa zaka zonse ndili ku Joni ndi iwo amene ankatumiza chimanga kwa mlongo wawo, ndi iwonso adalipirira Tereza sukulu. Pamaso pawo ine ndidali mkamwini wothawa udindo, ndipo sindikadawatsutsa.

Adzukulu atawauza a Lufeyo kuti nkhuni zatha, ena mwa anyamatawo, amene adali oumba njerwa, adanena kuti mitengo ilipo pafupi, ya malemu omwewo. Mnzawo wina atakumbutsa za tinsalu, adamuyankha kuti mankhwala afa ndi mwini wake. A Lufeyo sankadziwa za kasupe kapena za gulu la amayi, iwo adangoganiza monga mmene tikadachitira kumudzi, ndipo adati sizingatheke kuti olira mlongo wawo agone ndi njala mitengo ya mlongo wawoyo ili chiimire. Anyamata asanu ndi mmodzi adanyamula nkhwangwa n'kutsetsereka.

Kuchokera pakhonde langa kufika pano si patali, mwaona nokha. Nkhwangwa yoyamba italira ndidaimva bwinobwino, ndipo ndidadziwa kumene ikulira. Amayi m'nyumba ankaimba nyimbo za maliro, koma pakati pa nyimbozo ndinkamva kugunda kuja. Naphiri adatuluka m'siwa, m'nyumba mmene mudagona thupi, n'kuthamangira pakasupe, koma anyamata adamuuza kuti atumidwa ndi eni mbumba. Adapita kwa a Lufeyo, ndipo iwo adamuuza mwaulemu kuti abwerere kwa amayi anzake, za kunja azisiyire abambo. Pamenepo ndi pamene adabwera kwa ine, chitenje chili chonyowa, matope mpaka m'mawondo, n'kugwada pafupi ndi mphasa yanga ngati wodzapepesa.

“Bambo a Tereza, mukumva?”

Ndidati ndikumva.

“Ndiye mwangokhala?”

Ndidamuuza motsitsa mawu kuti ine ndine namfedwa, sindingayankhule, akambe ndi alamu. Naphiri adandiyang'ana, maso ali ofiira, ndipo adati, “Zaka zonse zija mudakhala chete muli ku Joni, tinkati ndi kutalika kwa njira. Lero muli pano, mukhalanso chete?” Adadzuka n'kulowa m'nyumba.

Mungaganize kuti mawu amenewo adandidzutsa, koma ayi, ana anga, ndipo apa ndi pamene pali bala langa. Ndidakhalabe. Ndinkadziuza kuti ndikusunga mwambo, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa maso a alamu anga, ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa adzandifunsa pamaso pa anthu kuti ndayamba liti kusamala za mlongo wawo. Ndidamva mtengo woyamba ukugwa, ndidamva wachiwiri, ndidamva wachitatu, ndipo anthu ankabwera kudzandigwira dzanja, ine n'kumayankha kuti zikomo, zikomo. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo mphasa ija idandifundira ine tsiku limenelo.

Kenaka anyamata awiri adadutsa pamaso panga atasenza chipika, akupita nacho kumafuwa, ndipo pachipikapo padali kansalu kobiriwira ngati thambo, ka timadontho toyera ngati nkhanga. Chidali chitenje chomaliza chimene ndidatumiza, ndipo ndinkakumbukira sitolo imene ndidachigula ndi bodza limene ndidauza woyendetsa galimoto kuti akanene, lakuti ndibwera pa Khirisimasi. Sindikudziwa mmene ndidaimirira. Ndidangopezeka ndamasula kansaluko pachipika, ndipo ndikutsetsereka wopanda nsapato, mvula ikundimenya, anthu akundiyang'ana, nyimbo m'nyumba itaduka.

Nditafika ndidapeza mitengo isanu ndi iwiri ili pansi. Koma anyamata adali ataona kuti yaing'onoyo ndi yaiwisi kwambiri, ndipo awiri adali atayamba katope wamkulu, poti adali ndi nthambi zina zouma kumwamba. Adali atamudya mbali imodzi mpaka pafupi ndi pakati, tizibanthu tofiira tikuyandama pamadzi a kasupe. Ndidaima pakati pa iwo ndi mtengo n'kunena kuti asiye, ndipo adasiya, chifukwa kuona namfedwa ataima m'matope chidali chinthu chachilendo kwa iwo. A Lufeyo adanditsatira ndi ambulera, nkhope itagwa.

“Alamu, mwatichititsa manyazi. Anthu aja adya chiyani?”

“Pakhonde pali matabwa a denga, ndi owuma. Katengeni onse.”

“A nyumba ija?”

“Mwini wake sadzalowamo. Koma mtengo uwu adandisiyira ndi pakamwa pake.”

A Lufeyo adayang'ana katope, adayang'ana tinsalu pamitengo yotsala, ndipo ndikhulupirira kuti adazindikira zitenje za mlongo wawo. Titakwera kumtunda adavundukula lona okha n'kusenza thabwa loyamba. Paini amayaka msanga, ndipo pofika madzulo denga lonse la nyumba ya Nasibeko lidali litaphika nyemba za olira maliro ake. Mawa lake tidamunyamula kupita naye ku Ntcheu.

Ndikadakonda nkhaniyi ikadathera pamenepa, kuti ndidapulumutsa mtengo, koma madzi akatayika sawoleka. Katope adaima ndi bala lake milungu itatu yokha. Mu Febuluwale kudabwera chimvula champhepo, ndipo kutacha tidamupeza atagona, atathyokera pabala pomwe paja, mbali ina ya mizu itazuka n'kung'amba gombe lonse. Madzi a mvula ochokera kumtunda, amene kale ankatsekerezedwa ndi mitengo isanu ndi iwiri ija, adapeza njira n'kukumba chigwembe chimene mukuchiona apocho, ndipo kasupe adadzaza matope. Chilimwe chimenecho, koyamba chifikire changa kuno, adaphwa. Amayi adayamba kukhala pamzere kukiyosiki yogulitsa madzi kuyambira mbandakucha, ndipo amene sakadakwanitsa ankatunga m'maenje a njerwa, ana awo n'kumatsegula m'mimba. Palibe adandinena poyera. Ankandipatsa moni waulemu atasenza zigubu zawo, ndipo moni umenewo unkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa, ndipo ine ndidadziwa kuya kwa mkazi wanga atapita. Ndikadadzuka pa nkhwangwa yoyamba, katope akadakhala pano lero, ndipo inu mukadakhala mumthunzi wake.

Tsiku lina Lachinayi ndidamva njinga yamoto ikuima pakhomo. Ndidaganiza kuti mayi Makwinja wabwera kudzandidzudzula, ndipo ndidali wokonzeka, koma iye adangondipempha kuti ndimuperekeze pakasupe. Kumeneko adagwada pachitsa chimodzi n'kundionetsa timphukira tofiira tikutuluka m'mbali. Adati mitengo ya m'madzi siifa msanga, chitsa chikasamalidwa chimaphukanso, ndipo adandionetsa kusadza pamwamba pake mopendeka kuti madzi asaime n'kuchiwoletsa, kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu n'kuchotsa zinazo, ndi kutchinga ndi minga kuti mbuzi zisadye. Kenaka adanena chinthu chimene sindidayembekezere kwa munthu wophunzira. Adati, “Abambo, cholakwa si chanu nokha. Ife takhala tikuuza anthu kuti musadule, musadule, koma sitidafunsepo kuti tsiku la maliro nkhuni zidzachokera kuti.”

Kuchokera pa mawu amenewo amayi aja adapempha kamalo kumtunda, kutali ndi madzi, n'kubzalapo keshya, mtengo wokula msanga umene ukaudula umaphukanso, ndipo adagwirizana ndi anthu onse a m'dera kuti imeneyo ndiyo mitengo ya pamaliro, aliyense wofedwa akadule kumeneko popanda kupempha kawiri. Oumba njerwa ena, kuphatikizapo awiri mwa amene adagwira nkhwangwa tsiku lija, adabwera okha kudzakumba maenje. Ine ndidalowa gulu, mwamuna ndekha pakati pa amayi khumi ndi mmodzi, ndipo Naphiri adandilandira pondipatsa ndowa ya Nasibeko n'kunena kuti mtchona wafika, ngakhale wafika basi itapita. Chilimwe chonse ndinkatenga madzi kukiyosiki pa njinga kudzathirira zitsa ndi mbande, ntchito yomwe ija ndidaikana mwini wake akundipempha ndowa imodzi yokha.

Mbande zinkavutika ndi mbuzi ndi nkhuku kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku lina ndidayang'ana makoma anga aja, opanda denga, dzuwa likulowa, mvula ikulowa, khomo lili limodzi lotsekeka. Tidasamutsira nazale yonse m'menemo. Chipinda chimene ndinkati chidzakhala chogona chathu muli akatope, pabalaza pali mikuyu, ndipo ku chipinda cha Tereza kuli keshya. Tereza wandiuza kangapo kuti iye ndi mwamuna wake andikhomera denga, koma ndimamuuza kuti nyumbayo ili ndi eni ake kale. Mbande zimene mwabzala lerozi zatuluka m'menemo.

Kasupe adabwerera patapita mvula zitatu, koma adabwerera wowonda, monga mukumuoneramu, wodzaza ndowa imodzi munthu atayamba watopa kudikira. Inu mumati ndi madzi ambiri chifukwa simudaone a kale. Naphiri naye adatisiya, ndipo pamaliro ake tidaotha keshya, palibe nkhwangwa idatsikira kuno. Mayi Makwinja adasamutsidwira kuboma lina, kudabwera alangizi ena, abwino ndithu, koma sadziwa kuti mitengo ya mathunthu awiriawiri iyi idaphuka pa zitsa za tsiku lija. Chitsa cha katope wamkulu chokha ndicho sichidaphuke. Ndi ichi ndakhalirachi.

Tinsalu timene ndimamangati si mankhwala, ndipo ndimauza aliyense wondifunsa, chifukwa mayi Makwinja adanena zoona kuti mantha amafa ndi mwini wake. Ndimang'amba zitenje za Nasibeko zimene zidatsala m'sutikesi, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti mtengo uwu uli ndi munthu wouyang'anira, ndipo sutikesiyo yatsala pang'ono kutha. Kobiriwira ka madontho a nkhanga kaja kokha ndiko sindidakamangenso pamtengo, kali m'thumba la malaya muno, ndipo mudzandiike nako.

Mwambo ndi wabwino, ana anga, musaunyoze, ndi umene umatisonkhanitsa pamaliro kuti wofedwa asalire yekha. Koma muzidzifunsa mukakhala chete ngati chakukhalitsani chete ndi ulemu kapena ndi manyazi anu, chifukwa ziwirizi zimavala malaya ofanana. Munthu amene mumamukonda akakupemphani ndowa imodzi, musamuyankhe ndi nyumba ya mawa. Ndipo tsiku langa likadzafika, poti silili kutali, nkhuni mukadule kumtunda ku keshya, zikadzachepa muthyole chitseko cha kanyumba kanga ka zidina. Mukadzamva nkhwangwa ikulira kumunsi kuno, musadzadikire kuti wina akupatseni chilolezo choimirira.

Dzuwa lapendeka. Tengani ndowazo awiriawiri tikwere, mbande za m'nyumba ya Nasibeko sizinamwe lero.